Kanjira ka Ulusi pa Dzino la Bambo

Bambo anga anali telala ku Kabwata, ndipo ulusi ankadula ndi mano. Sizasi inalipo, yaikulu, ya zogwirira zakuda, imene anabwera nayo kuchokera ku Malawi ali mnyamata, koma imeneyo inali ya nsalu basi. Akafika kumapeto kwa msoko ankakweza nsalu kukamwa, mutu n'kuupendeketsa pang'ono kumanja, kenako kaphokoso kakang'ono, ulusi waduka. Anachita zimenezi moyo wawo wonse wa ntchito, mpaka dzino lakumwamba, lachiwiri kuchokera pakati, linadyeka n'kukhala ndi kampata kolowa ulusi umodzi ndendende. Mayi anga kampatako ankakatcha kanjira ka ulusi. Akafuna kuwaputa ankati mu Lusaka monse muno ndi iwo okha amene anakwatiwa ndi mwamuna wa sizasi m'kamwa.

Ine ankandiletsa. Ndili mwana ndinkakhala pansi pa tebulo la makina, pakhonde la nyumba yathu, kutola tizidutswa ta nsalu tosokera zidole. Ndikangoika ulusi pakamwa, dzanja lawo linkatsika osayang'ana n'komwe n'kundimenya pa chala. "Iwe, mano ndi odyera," ankatero, mapini ali ndandanda pamilomo yawo. Ndinakula ndi mano athunthu, ndinaphunzira, ndinapeza ntchito ya mu ofesi m'tauni, ndinasamukira ku Chelstone. Batani likathothoka ndinkapita nalo kwa iwo.

Mano enawo sanathe ndi ulusi wokha. Panali mapini, nzimbe, chimanga chokazinga chimene sichinkasowa m'thumba la malaya awo, mswachi wa mtengo umene ankatsukira mwamphamvu asanapite kukaswali, komanso kukukuta mano kutulo, kumene mayi ankati kudzawathamangitsa m'nyumba tsiku lina. Pofika ukalamba mano awo anali afupiafupi, osalala pamwamba, achikasu pakati. Ankaseka nawo osabisa.

Mayi anamwalira nyengo yozizira, ndipo mwa mwambo wathu wa Chisilamu anaikidwa tsiku lomwelo. Amuna ananyamula jeneza kupita kumanda, ife akazi tinatsala pakhomo. Ine sindinalire. Sindikunena kuti ndinadzigwira, ayi, munalibe chogwira. Amayi a kumzikiti ankandiyang'ana cham'mbali ndikutsuka makapu, ndipo mmodzi anandinong'oneza kuti kulira sikoletsedwa bola osafuula. Ndinamuthokoza n'kumufunsa ngati shuga wakwana.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wa zochita. Kudzuka, kukwera minibasi pa Chelstone, kukhala mu ofesi, kubwerera. Chakudya chonse chinkakoma mofanana. Anzanga akaseka ndinkaseka nawo mochedwa pang'ono. Kholo linanditsalira limodzi, ndipo chimene ndinkafuna chinali chimodzinso: bambo akhalepo, makina azilira pakhonde paja monga kale. Chikondi sindinkachimva m'chifuwa, koma ntchito yake ndinkaidziwa, ndipo ndinkaigwira Loweruka lililonse.

Maliro atatha bambo anabwerera pa makina. Mayunifolomu a ana a sukulu, madiresi a chitenge a pa ukwati, mathalauza obweza m'chiuno. Magetsi akazima matelala a kumsika ankakhala manja lende, iwo akupalasa ndi mapazi, chifukwa makina awo anali akalekale aja osadziwa magetsi. Koma mano anayamba kuwazunza. Tiyi akatentha ankatsinzina, madzi akazizira ankatsinzinanso. Loweruka lina ndinawapeza tsaya litatupa mpaka diso kuchepa, akundiuza kuti ndi chimfine.

Ndinapita nawo ku kachipatala ka mano ku Woodlands, nyumba yogonamo imene anaisandutsa chipatala, ya mpanda wa njerwa ndi mlonda pageti. Dokotala wake anali mtsikana wocheperapo kwa ine, waulemu, wolankhula Chinyanja cha m'tauni chimene bambo ankati n'chosakaniza ngati dengu la pamsika, ngakhale ankachimva chonse. Anawalonjera atapinda bondo. Atawayasamitsa n'kuona kampata kaja, anaima kaye. Anatiuza kuti akupitiriza maphunziro, ndipo chimene chimamukopa ndi mmene mano a anthu amadyekera malinga ndi ntchito zawo. Anapempha kuti ajambule dzinolo. Bambo, tsaya lili tupu, anasolola ulusi m'mphepete mwa mpango wawo, n'kuulowetsa m'kanjira kake, n'kuudula kuti dokotala aone. Anaudulanso kachiwiri osapemphedwa.

Nkhani yake sinali yabwino. Mano ambiri anali atadyeka kufika pa mtsempha, mizu ina itavunda, ndipo otsala abwino anali ochepa moti sakanagwira chilichonse. Dokotala anafotokoza njira zimene zinalipo, mofatsa, kubwereza pamene bambo sanamve. Atamaliza, bambo sanayang'ane iye, anayang'ana ine. Ine ndinati azule onse, tiike oikirira. Ndinayankha msanga ngati ndikusankha tsiku la msonkhano wa ku ofesi.

Anazula pang'onopang'ono, maulendo angapo. La kanjira lija linali m'gulu lomaliza. Ndinalimva likugwera m'kambale kachitsulo, ndipo sindinafunse kumene amataya mano ozula.

Panafunika kudikira kuti nkhama zipole. Bambo anavundikira makina ndi nsalu yakale ya mayi, n'kunena kuti adzavundukula mano akabwera, chifukwa telala wolankhula ngati khanda sangayeze munthu wamkulu m'chiuno. Makasitomala anabwera, anabwerera, kenako anasiya kubwera. Nkhama zitapola dokotala anawadzaza phala lofiirira m'kamwa kuti atenge chikombole, n'kutionetsa timano ta mitundu yosiyanasiyana kuti tisankhe kuyera kwake. Bambo anati chimene mwana wanga asankhe. Pobwerera, minibasi ikudutsa ku Chilenje, anandigwira pa mkono.

"Mayi, kanjira kaja adzaikamo?"

Kuyambira nditakula ankanditcha mayi, ndipo iwe uja anasiya.

"Ababa, mano atsopano saika mpata. Sizasi ilipo."

"Ilipodi," anatero, n'kuyang'ana pawindo.

Tsiku lolandira mano anavala mkanjo woyera ndi kofia ya Lachisanu. Dokotala atawapatsa kuti awaone kaye, anawalandira ndi manja awiri. Atawaika m'kamwa masaya anadzaza, milomo inabwerera pamalo pake, ndipo pagalasi panaoneka mdala wa mano oyera ofanana onse, wonga aja amaseka pa zikwangwani za m'tauni. Sindinamudziwe. Bambo anayang'ana kwa kanthawi, anathokoza dokotala, kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mayi, mwandiveka."

Dokotala anawalangiza momveka. "Ba tate, aya meno yazayamba kubaba, ndiye mwamene yalili yonse yanyowani. Muziyavala tsiku lonse, muzidya nayo, muzichosa chabe pogona. Mukabwela muniuze pamene yababa, nizapalapo pang'ono. Osamvela nsoni." Bambo anati amva.

Tinabwererako monga anatiuzira. Titafika pageti bambo anatembenukira kumpanda, mpango uli pakamwa, ndipo ine ndinaganiza kuti akupukuta fumbi. M'kati dokotala anawafunsa mafunso amene amafunsa aliyense woikidwa mano: ngati akutafuna bwino, ngati manowo akugwedera polankhula, ngati pali pamene pakupweteka, ngati akhutira nawo.

"Ali bwino, adokotala. Ntchito yabwino."

Dokotala anawachotsa manowo n'kuunika m'kamwa. Nkhama zinali zosalala, zopanda chilonda, zopanda kufiira. Anadabwa, anakondwera, anati palibe chopala. Ulendo wotsatira zinali chimodzimodzi: kutembenukira kumpanda, ali bwino adokotala, nkhama zosalala. Ine ndinamva kupepukidwa kwa munthu amene wamaliza ntchito imodzi, ndipo ndinaichotsa m'mutu.

Loweruka ndinkafika ndi nyama ya mbuzi, mpunga, nthawi zina nsomba. Ndinkawapeza pakhonde atavala mkanjo, mano ali mbee. Ndikaphika ankati, "Ndadya kale, mayi. Vundikirani, ndidya madzulo." Ndikafunsa za makina ankati maso, tsiku lina ankati msana, tsiku lina ankati mawa. Ankalankhula pang'ono, mawu akutuluka mosamala ngati munthu wonyamula madzi odzaza m'beseni. Mkanjo umabisa zambiri, ndipo ine ndinkafunsa, iwo n'kuyankha, ine n'kukwera minibasi.

Amene anandiuza ndi mayi woyandikana nawo nyumba, mkhristu wa ku Chipata, wamasiye, amene anakhala kuseri kwa mpanda wathu ine ndisanabadwe. Pa Idi tinkamupatsira mbale pamwamba pa mpanda, pa Khirisimasi iye ankatibwezera. Anandiimitsa pamsewu ndikutuluka, dzanja lili m'chiuno.

"Imwe mwana wanga, ba tate banu simubaona? Bayonda maningi. Meno yaja bamavala chabe mukabwela imwe, na pa Chisanu poyenda ku mzikiti. Mukachoka, yachoka. Nyama yamene mubweletsa imabwela kuli ine pa mpanda. Ine nanenepa, beve basila, basala mafupa. Nakamba chabe, musakabauze kuti ni ine."

Ndinamuthokoza. Ndinamufunsa za bondo lake limene linkamuvuta, anandiuza. Ndinakwera minibasi ya m'tauni, ndinatsika, ndinakwera ya ku Chelstone. Njira yonse ndinkadikira kuti mantha abwere kapena mkwiyo, koma chimene chinabwera ndi kondakitala kudzandiuza kuti ndisunthe.

Pakati pa sabata ndinatuluka mu ofesi nthawi ya nkhomaliro n'kupita ku Kabwata osawauza. Kunali kotentha, mwezi uja fumbi limalowa mpaka m'makutu. Pakhonde panalibe munthu. Ndinazungulira kuseri ndipo ndinawapeza atakhala pa sitepe, atavala vesiti, akuviika buledi m'kapu ya tiyi. Milomo inali italowa m'kati. Mikono imene inkanyamula makina yokha kuwalowetsa m'nyumba madzulo inali itatsala mafupa ndi mitsempha, ndipo pakhosi panali maenje awiri. Atandiona anaphimba pakamwa ndi dzanja n'kulowa m'nyumba mothamanga. Ndinawatsatira. Anakoka dilowa ya makina, mmene mumakhala singano ndi choko, anatulutsa kanthu kokulunga m'kachidutswa ka chitenge, n'kutembenukira kukhoma. Kenako anavala mkanjo, n'kubwera kudzandipatsa moni wonse bwinobwino, kufunsa za ku ntchito ndi za ku Chelstone.

"Ababa, manowa akukupwetekani."

"Ali bwino."

"Nanga bwanji akugona m'dilowa?"

"Kuti asathe msanga. Oyamba aja ndinawamaliza ndekha. Awa mwandipatsa ndinu."

"Ndiye kwa dokotala mumavalira pageti?"

Sanakane. Anati munthu sapita kwa amene anamusokera malaya atawasiya kunyumba malayawo, umavala kuti mwini ntchito aone kuti ikugwira. Ndinawauza kuti dokotala anawapempha yekha kuti anene pamene pakupweteka. Anakhala pa mpando wa makina, manja pa mawondo.

"Mwana wa eni uja anandipindira bondo. Anagwira ntchito yake ndi mtima wonse, ndinamuona. Inu munasiya ntchito yanu kundiperekeza, ulendo ndi ulendo. Ndiye ine nditsegule pakamwa pomwepa pamene mwandikonzera, ndinene kuti n'zoipa? Kwathu sitinaleredwe choncho."

Ine ndili ndi lilime la mayi anga, ndipo linatuluka. Ndinawakumbutsa mmene ankanyansidwira ndi kasitomala wonena kuti jekete ili bwino, kenako n'kukaibwezetsa kwa telala wina kumsika. Ndinawakumbutsa kuti iwo sankafunsa munthu ngati chovala chamukwana, ankangoti kwezani manja, khalani pansi, weramani, chifukwa ankadziwa kuti anthu amanama mwaulemu.

"Amenewo anali makasitomala," anatero. "Ine sindine kasitomala. Ine ndapatsidwa."

Mawu ofewa ndinalibe, ndipo sindinayese kuwapeka. Ndinatuluka panja n'kuimbira dokotala foni. Nditamufotokozera anati tsopano wamvetsa chifukwa chake nkhama zinali zosalala choncho. Anati iye amapala pamene mano asiya chizindikiro, ndipo ngati mdala sanena, ndiye awavale ndi kudya nawo tsiku limodzi kapena awiri tisanabwere. "Ngati beve sibafuna kukamba, nkhama zizakamba," anatero. Anawonjeza kuti zidzawapweteka, ndipo ndisawakakamize kupyola muyeso.

Ndinatenga zovala zochepa ku Chelstone n'kukagona ku Kabwata, m'chipinda changa cha ubwana chimene tsopano munkasungidwa mipukutu ya nsalu. M'mawa ndinatsegula dilowa ndekha n'kuwapatsa kachitenge kaja. Anandiyang'ana, analandira ndi manja awiri, anavala. Masana ndinaphika mpunga ndi nyama ya mbuzi, n'kukhala moyang'anizana nawo.

Ndinali ndisanawaonepo akudya ndi manowo. Akatsegula pakamwa, akumunsi ankanyamuka n'kugunda akumwamba, kuti khwa. Ankawabweza ndi lilime, n'kukankhira nyama mbali imodzi, n'kutafuna pang'onopang'ono, thukuta likutsika pansi pa kofia. Diso lakumanzere linayamba kutuluka misozi lokha. Analavulira m'mpango mobisa, koma ndinaona kufiira kwake. Anameza, anapuma, n'kunena kuti, "Mwaphika bwino, mayi."

"Malizani," ndinatero.

Ndinadziwa kuti mwana woona bambo ake akuvutika chonchi ayenera kumva chisoni. Ndinachifunafuna m'kati mwanga, osachipeza. Ndinakhala pamenepo ngati ndikudikira madzi kuti awire, ndipo atamaliza ndinachotsa mbale n'kukatsuka. Madzulo tinabwereza, mawa lakenso. Mayi wa kuseri kwa mpanda anasuzumira kamodzi, anationa, n'kubwerera.

Tsiku lopita ku Woodlands manowo anachoka nawo kunyumba ali m'kamwa. Pageti panalibe chotembenukira kumpanda. Dokotala anawalonjera monga kale, n'kufunsa mafunso ake aja.

"Ali bwino, adokotala."

"Zikomo, ba tate. Manje yasamani."

Anandiitana kuti ndione. Kumunsi, m'mbali mwa lilime, munali zilonda ziwiri zoyera pakati, zofiira m'mphepete, ndipo kumwamba chakumbuyo khungu linali litasupuka. Sanawadzudzule. Anapaka mankhwala oyera m'kati mwa manowo, anawaveka, anawavula, n'kuona pamene mankhwala afufutika. Pamenepo anapalapo ndi kamakina kolira ngati udzudzu, fumbi lofiirira likugwera pa magolovesi ake. Anawavekanso, anawavulanso, anapalanso. Bambo anaiwala kuti ndi odwala, anayamba kusuzumira ntchitoyo.

"Mukubweza ngati m'khwapa mwa jekete," anatero ndi pakamwa popanda mano.

"Ndiye mwamene, ba tate. Palibe meno yamene yamakwana pa tsiku loyamba."

Ndinamufunsa, iwo akumva, ngati n'kotheka kusema kampata pa dzino lachiwiri lakumwamba. Anakumbukira chithunzi chake chija, ndipo nkhope yake inagwa pang'ono. Anati ayi. Dzino lotero likasemedwa limafooka, komanso mano oikirira ukaluma ndi akutsogolo n'kukoka, onse amatsika. Anatembenukira kwa bambo n'kuwauza yekha kuti ulusi asalumenso. Bambo anati amva.

Tinabwererako kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndinkayamba ndakagona ku Kabwata kuti nkhama zikakhale ndi chonena. Zilonda zinkachepa. Pa maulendo onsewo bambo sananene ngakhale kamodzi kuti pakupweteka, ndipo dokotala anapitiriza kufunsa mwaulemu, n'kumayang'ana m'kamwa. Chimene analemba m'maphunziro ake za mdala wokhutira uja sindikudziwa.

Anayamba kudya. Mpunga, nsomba, kenako nyama yodula tizidutswa, kenako mtedza wophika. Mayi wa kuseri kwa mpanda anandidandaulira kuti ndamulanda ndiwo. Maenje a pakhosi anayamba kudzaza, ndipo manowo anasamuka m'dilowa n'kumagona m'kapu ya madzi pawindo. Koma makina anakhalabe ovundikira. Nsalu ya mayi inagwira fumbi, ndipo pamwamba pake bambo anayamba kuikapo wailesi. Ndinasiya kufunsa. Ndinaganiza kuti ndapulumutsa theka, ndipo munthu wa zochita amalandira theka.

Mvula itayamba, Loweruka lina potsika minibasi pa Kabwata siketi yanga inakodwa pa chitsulo cha chitseko, mpendero n'kusomphoka mbali yonse. Ndinafika pakhomo nditaigwira ndi dzanja. Ndinavala chitenge, n'kuitana mayi wa kuseri kwa mpanda kumufunsa kuti kumsika telala wabwino ndi uti. Sindinachite dala, ndinkangofuna siketi yanga.

"Mwana wa telala kukasoketsa kumsika?" Anali bambo, ataima pachitseko. "Bweretsani kuno."

Anatsitsa wailesi pa makina. Anachotsa nsalu ya mayi, anaikung'untha, anaipinda bwinobwino. Tinathandizana kutulutsa makina pakhonde. Anathira mafuta m'timabowo take, anapukuta, anasankha ulusi wofanana ndi siketi poufanizira kuwala, ndipo kulowetsa m'singano kunawatengera nthawi. Kenako anaika mapazi pa chopalasira, anakankha gudumu ndi dzanja, makina n'kuyamba kulira. Mvula inali kuwaza pa malata. Ndinakhala pa sitepe, pafupi ndi pamene ndinkakhala ndili mwana, ndipo ndinamva phokoso limene ndinalifuna miyezi yonseyo. Ndinangolimva ndi makutu.

Atafika kumapeto kwa mpendero anakweza nsalu kukamwa, mutu n'kuupendeketsa kumanja. Thupi linachita lokha, iwo asanaganize. Ulusi unaterereka pa mano osalala aja n'kutuluka wathunthu. Anayesanso, anakoka, ndipo mano akumwamba anatsika. Anawabweza ndi chala chachikulu. Anatsitsa siketi, ulusi ukulendewera pakati pa nsalu ndi makina.

Sizasi inali pa msomali wake, pamene dzanja likanafika osadzuka. Anaiyang'ana. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunditambasulira nsaluyo.

"Dulani, mayi."

Ndinagwada pafupi ndi makina. Ulusi unali wonyowa kale ndi malovu awo. Ndinauluma ndi mano apakati, ndinakoka, sunaduke.

"Osati apakati. Lachiwiri. Pendeketsani mutu."

Ndinapendeketsa. Ulusi unakhala pa dzino, ndinaluma, ndipo ndinamva kaphokoso kaja m'mutu mwanga momwe, pamodzi ndi kupweteka kwakung'ono kokwera mpaka m'mphuno. Ndi chinthu choyamba chimene ndinamva bwinobwino chimwalirireni mayi. Ndinakhala pansi pa simenti, kaulusi kali pa lilime, ndipo ndinalira. Ndinalirira mayi, ndinalirira dzino lija linagwera m'kambale, ndinalirira mdala amene anatafuna nyama ndi magazi chifukwa ine ndinati malizani. Ndinalira mokweza, mosayenera, mpaka mayi wa kuseri kwa mpanda anatuluka n'kuima pamvula.

Bambo sanandiletse. Anadikira, akusalaza mpendero ndi chikhatho. Nditachepetsa anapinda siketi n'kundiika pamiyendo.

"Kamodzi komweka," anatero. "Mano ndi odyera."

Kenako anatambasula dzanja, anatsitsa sizasi pa msomali, n'kuiika pa tebulo la makina, kudzanja lamanja, pafupi ndi singano.